Dothi Losowa la Wini

Kunduchi, Dar es Salaam
10 Febuluwale 1985

Amayi anga okondedwa,

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere, ngakhale simunachilembe. Mukuopa kuti mwana wanu anachoka ku Kabwata ndi digiri m'manja n'kupita kudziko la eni kukatola zigoba za nkhono ngati munthu wozungulira mutu, ndiponso kuti Matthew atopa n'kudikira. Khalani pansi, valani magalasi, ndikufotokozereni bwinobwino. Koma choyamba moni. Muli bwanji? Bondo lija lasiya? Nanga mlongo wanga Abson akudzuka nthawi yabwino kupita kugalaja? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukutentha moti kandulo amapindika yekha pawindo.

Nkhono za m'nyanja yamchere si zija zimatuluka kuseri kwa bafa mvula ikagwa. Zanga zili ndi zigoba ziwiri zotsekana ngati kachikwama kanu ka kutchalitchi, ndipo asodzi kuno amazitcha chaza. Kanyama kali m'katimo n'kofewa, kalibe fupa, choncho kamadzimangira nyumba. Kamamwa madzi, n'kusankhamo laimu, n'kumamata m'mphepete mwa chigoba pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere, moyo wake wonse.

Tsono posankha laimuyo kamalakwitsa. M'madzimo muli tizitsulo tina tosaoneka ndi maso, tofanana msinkhu ndi laimu, ndipo kanyamako kamatimatira limodzi kosadziwa, monga mmene kamwala kamatsalira mumpunga ngakhale mwapeta ndi mtima wonse. Tizitsulo timeneti ndi timene ndikusaka. Dzina lake la m'mabuku ndikalitembenuza m'chinyanja likutuluka kuti "dothi losowa". Ndiye ndinganene kuti masiku ano palibe chimene mtima wanga ukulakalaka koposa dothi losowa. Ndimagona ndikuliganiza, ndimadzuka ndikuliganiza.

Mufunsa kuti phindu lake n'chiyani. Mitsinje imakokolola zinthu kumtunda, m'minda ndi m'mafakitale, n'kukazithira m'nyanja. Madzi saima kuti uwafunse zimene anyamula, amangopita. Koma chigoba chimakhala pamalo amodzi n'kusunga zimene chamwa. Ukachisinja n'kutumiza ufa wake kumakina oyezera, chimakuuza ngati madzi a pamalopo akusintha, asodzi asanayambe kudandaula.

Vuto langa ndi limodzi: m'mawa ndimasanza. Timanyamuka ndi bwato dzuwa lisanakwere, ndipo m'mimba mwa mwana wa ku Lusaka simugwirizana ndi mafunde. Anzanga akuti zimatha zokha pakapita miyezi ingapo. Chodabwitsa n'chakuti masana ndimadya ngati anthu awiri. Mpunga wa kokonati wandinenepetsa, choncho muwauze atelala asadule kaye nsalu ya diresi laukwati, miyeso ija siikwananso. Zotsatira za ntchitoyi zidzaoneka mu Seputembala. Zikatero ndibwera, ukwati mu Disembala monga tinapangana.

Mundilembere za kumeneko. Shuga akupezeka m'masitolo? Mtengo wa mandimu kuseri kuja wabereka?

Ndine mwana wanu,
Winifred


Kabwata, Lusaka
2 Malichi 1985

Wini mwana wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno tadzuka. Bondo limandikumbukira kukachita mitambo. Abson alipo, akudzuka mochedwa ngati kale. Shuga anabwera Lachiwiri, ndinaima pamzere mpaka dzuwa pamutu, ndipo ndili pafupi ndi chitseko anati watha. Mafuta ophikira ndapeza botolo, ndabisa pansi pa bedi kuti adikire chilanga mulilo chako, tsiku lija tidzasenze miphika kupita nayo kwa akuchimuna kukamuonetsa Matthew zimene timaphika kwathu. Ba Chalwe, azakhali ake a ku Woodlands aja, atumiza mawu kuti pasadzasowe chikanda. Akuti ife a kum'mawa timachiphika ngati njerwa.

Kalata yako ndinaiwerenga ndili ndekha, chitseko nditatseka. Ndinaiwerenga ndi magalasi, ndinaiwerenganso ndilibe magalasi. Walemba mwaulemu monga ndinakuphunzitsira, ndipo ine mayi ako ndamva zonse. Ndamva za kanthu kofewa kamene kakumanga nyumba m'katimo. Ndamva za m'mawa. Ndamva za diresi. Za Seputembala ndamvanso, ndipo ndawerengera ndi zala zanga.

Sindinakalipe. Ndinalira pang'ono, kenako ndinatereka tiyi.

Za dothi usavutike n'kulifunafuna kwa eni. Kuno si losowa. Ndagula kumsika wa Luburma, lija lotuwa lowotcha bwino, osati lakuda la pachulu. Mayi Virginia a m'Chigwirizano chathu cha amayi, amene amakwera sitima ya TAZARA kukaoda zitenje, ndiwo akubweretsere. Ndakulunga m'thumba la ufa, iwo akuyesa kuti ndi nyemba. Uzitapa pang'onopang'ono.

Tsopano ndili ndi funso, ndipo undiyankhe. Ntchito yotereyi munthu sayamba yekha. Anakuyambitsa ndani? Ndi munthu wotani? Ali ndi banja? Nanga Matthew wamuuza, kapena ndiyambe kufuna mawu ine?

Kwa atelala sindinapite. Ndagula ulusi, madzulo ndikuluka kanthu.

Usamanyamule zolemera. Bwatolo ukanalisiya.

Ndine mayi ako,
Emmy Daka


Kunduchi
24 Malichi 1985

Amayi anga okoma mtima,

Mayi Virginia afika bwino, ndipo nditamasula thumba lija ndinaseka mpaka misozi. Iwo anangoti kukamwa yasa, n'kunena kuti, "Nanga nyemba zija?" Amayi, mwanditumizira dothi lenileni! Kulakwa n'kwanga, ndinathamanga pofotokoza. Dzina lija limanama pawiri. Zinthuzi si dothi, ndi zitsulo, kungoti amene anazitulukira kale anazipeza zili ngati ufa wa dothi. Komanso si zosowa kwenikweni. Zili paliponse, koma zomwazikana, ngati mutathira kamchere ka pa chala m'thumba lonse la ufa. Mukatsegula kabati, m'kabokosi ka malemu atate muli laita yawo ija. Kamwala kakang'ono kamene kamathetheka moto mukapukusa gudumu n'kopangidwa ndi zitsulo zomwezi. Ngakhale mtundu wofiira wa pa TV za anthu a ku Kabulonga umachokera kwa chimodzi mwa izo.

Koma musaganize kuti mwataya nthawi. Dothi la mtundu umene mwagulawu limasunga tizitsuloti kwambiri kuposa madzi a m'nyanja. Ndalisinja, ndipo m'mawa uliwonse ndimatapako pang'ono chifukwa cha tiana tanga. Sindinakuuzeni kuti ndikulera tiana ta chaza m'thanki. Ndikufuna kuona ngati dothi la ku Luburma lidzaoneke m'zigoba zake tikamakula. Poyamba ndinkayesa kuti kamoyo n'kamodzi kokha, koma Profesa atayang'ana ndi galasi lawo anati, "Iyayi Winifred, si kamodzi." Ndinavina, Amayi.

Mwafunsa za amene anandiyambitsa. Ndi Profesa Kileo omwewo. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, wofatsa, ali ndi mkazi ndi ana akuluakulu. Anandinyengerera nthawi yaitali. Ine ndinkakana, poganiza za Matthew ndi ukwati, kuti mwina ndichedwa kubwerera. Koma tsiku lina ananditenga pa bwato madzi ataphwera, nyanja ili phee, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinagonja. Sindikudandaula. Akazi awo amandikonda ngati m'bale wawo, Lamlungu lililonse ndimadya kwawo, ndipo anena kuti ndikafuna ndisamukire m'nyumba mwawo, chipinda chilipo.

Matthew ndimamulembera za nkhono m'kalata iliyonse, koma sindikhulupirira kuti wamvetsa chimene chikuchitika kuno. Amangoyankha kuti "zabwino". Munthu wa masipanala amamva chinthu akachigwira ndi manja. Ndidzamuonetsa ndi maso, musavutike kumufotokozera.

Bwato sindingalisiye, koma zolemera amanyamula ndi asodzi. Mukuluka chiyani? Ngati ndi juzi yanga, kumbukirani kuti kuno kulibe Juni.

Mukapeza munthu wina wobwera, munditumizirenso dothi. Likutha msanga.

Mwana wanu wokukondani,
Winifred


Kabwata
14 Epulo 1985

Sisi Wini,

Shani? Uziwa kuti ine sinilemba makalata, koma apa nyumba yapsa. Amai alemba mozunguluka, iwe uyankha mozunguluka, manje ine nizalemba mowongoka monga Cairo Road.

Uli na mimba?

Ngati ni ee, kamba ee. Ngati ni iyayi, thamanga ku positi ofesi lelo lomwe, chifukwa kuno Lusaka yonse yakupatsa kale mapasa.

Nikuuze mwamene zinayendela. Amai anapitanso ku Luburma kugula dothi yako. Pamene alipila, kumbuyo kwao kwaimilila azakhali a Febby a ku Chelstone. Ati, "Mulamu, pa msinkhu wanu uwu, dothi?" Amai m'malo mokamba kuti ni ya maluwa, ati, "Si yanga, ni ya Wini." Uwaziwa azakhali. Anakwela basi ya ku Chelstone, pofika pa Longacres basi yonse inali itaziwa. Sabata isanathe nkhani yafika ku Woodlands.

Ba Chalwe anatuma munthu kuti chilanga mulilo chiimilile. Ati mwana wao sanakuone kuchokela pamene unayenda chaka chatha, manje dothi ni ya ndani? Ati mbale zimene anabweletsa pokutomela zikonzeke kubwelela.

Ine n'nauza amai kuti mwina ni nkhono zazoona. Ananiyang'ana monga nine mwana wa giledi wanu. Ati, "Iwe ndiwe mwamuna, sudziwa kuwerenga kalata ya mkazi. Mwana waulemu salemba zotere poyera. Chigoba ndi chigoba cha chiyani? Thanki ndi thanki ya chiyani?" Kalata yako yachiwili ndiye inawagoneka pa mphasa. Mdala wa imvi, wokwatila, wakunyengelela pa bwato, mkazi wake akupatsa chipinda, ndiponso si kamodzi! Sisi, ngati ni nkhono, unasankha bwanji mau yamene aya?

Manje mvela iyi. Pa Sondo Matthew anabwela kuchoka ku Kaunda Square, mu suti, thukuta thoo. Anankhala pa mpando wa atate, chipewa pa bondo. Anafunsa amai mwaulemu ngati n'zoona. Amai kulila chabe. Tiyi inazizila. Pothela Matthew ati, "Ba mayo, mdala uyo dzina lake ndani?" Mailo wapempha chuti ku fakitale, lelo m'mawa wakwela basi ya ku Kapiri kukagwila sitima. Amai amupatsa thumba ina ya dothi na kaphukusi ka zoluka zao. Nkhope yake sininaikonde. Munthu amene amanga maboti ya makina tsiku lonse ali na manja, uuze Profesa wako abisale.

Ine vilivonse nili kumbali yako. Ngati ni mapasa, mmodzi ni Abson. Ndipo ukabwela unibweletsele nsapato za mpila, saizi eyiti.

Mlongo wako,
Abson


Kunduchi, Dar es Salaam
21 Epulo 1985

Ba mulamu Abson,

Mwapoleni. Nafika. Kalata yanu yochenjeza Wini yafika lelo, yabwela kumbuyo kwanga monga galu wokalamba. Muwelengele ba mayo iyi, koma muyambe mwawapatsa mpando.

Mu sitima sininagone. Kuchoka Kapiri mpaka Nakonde nenze kukonza mau ya mdala uja. Kuchoka Tunduma mpaka Mbeya nenze kukonza mau ya Wini. Pa malile msilikali anatsegula thumba, apeza dothi, aniyang'ana, ati, "Hongera, baba," ndiye kuti mwachita bwino atate. N'nayamika chabe, ningachite bwanji? Koma pamene tinapita pakati pa nyama za m'thengo ukali unatha, n'natsala na funso imodzi: ningankhale bwanji popanda Wini? N'napeza kuti siningakwanitse. Makalata yake yonse ni nkhono, nkhono, ine kuyankha "zabwino", n'naganiza kuti mwina enze kuniuza kale, ine chipuba, chitsilu chenicheni, sininamvele.

N'namupeza masana m'mbali mwa nyanja, madzi m'maondo, chitenje m'chiuno, ndowa kumanja. Wanenepa zoona, koma ponseponse, osati pamalo pamodzi. Anataya ndowa, kuthamanga, "Matthew! Wabwera bwanji? Kwagwa maliro?"

Ine n'naimilila mu suti yanga, nsapato mu mchenga, nati, "Wini, usakambe chilichonse. Namvela zonse. Nabwela kutenga iwe na bana. Nizabalela ine, bazalembewa dzina langa. Ba Chalwe bakambe zamene bafuna."

Aniyang'ana, ati, "Matthew, sungawanyamule. Adzafera m'sitima. Amafuna madzi amchere tsiku lililonse."

Nati, "Babadwa kale?"

Ati, "Kalekale. Ena anafa ndi kutentha mwezi watha, koma otsala ndi ambiri. Bwera uwaone, ali m'shedi."

Mulamu, mu shedi! N'namukonka. Atsegula chitseko, mukati muli thanki ya galasi, pampu ilila, pansi tunthu tung'ono monga mabatani ya shati. Ati, "Awa. Taona kaja kali pakona, ndi kolimba mtima kuposa onse."

N'namupatsa chabe kaphukusi ka ba mayo. Amasula, mutuluka tumasokosi tuwili twa buluu, tuwili twa yelo. Anayang'ana tumasokosi, ayang'ana thumba ya dothi, ayang'ana ine. Ati, "Mayo ine." Anankhala pansi pa simenti. Anaseka mpaka mlonda anabwela kuona ngati munthu wakomoka. Pamene kuseka kunatha ndiye kunabwela mvula ya ukali. Ati, "Amayi ndiwamvetsa. Koma iwe, Matthew Mpundu, unakhulupirira?" Ananisiya mu shedi na bana bake mpaka dzuwa kupendeka.

N'napeza chochita. Pampu yao yenze kulila moipa, n'naimasula na sipanala ya mlonda, n'naikonza. Wini anabwela, aimilila pa chitseko, amvela pampu. Ati, "Ukanawatengadi? Ana a munthu wina?" Nati, "Ee. N'nagula na tikiti yako yobwelela." Anatenga jekete yanga, anaikung'untha mchenga, anaipachika bwino pa msomali. Ine n'naziwa kuti mlandu watha.

Profesa namuona. Ni kamdala kafupi, kayenda na ndodo. Pamene Wini anamufotokozela anaseka mpaka kutsokomola, mkazi wake anachita kumumenya pamsana. Mkaziyo ati ni chaka cha makumi atatu alibe kumvela munthu aganizila mwamuna wake zachoncho, ati nimuyamikile ba mayo. Banidyetsa nsomba na mpunga, nagona kwao, mu chipinda chija.

Nizanyamuka na sitima ya pa Chisanu. Ku Woodlands nizayenda neka. Nsapato zanu nagula, koma saizi naini, muzavala na nyuzipepala.

Ine mulamu wanu,
Matthew


Kabwata
12 Meyi 1985

Winifred,

Ndakutchula dzina lonse kuti udziwe kuti ndakwiya, ngakhale Abson akuti munthu wokwiya saseka akusenda mbatata.

Moni. Tili bwino. Bondo lachira lokha tsiku limene kalata ya Matthew inafika.

Mwana iwe, unakulira ku Kabwata. Unkandiperekeza ku Luburma uli ndi zaka za kusukulu, unkaona amene amaima pa tebulo la dothi ndi mmene amaimira, dzanja lili pamsana. Sukulu yonseyi sanakuphunzitseni kuti mkazi salemba "dothi" ndi "kusanza" m'kalata imodzi? Tsitsi langa lachita imvi mwezi umodzi. Ndinafika pokonza mawu okakamba kwa abusa.

Matthew anapita ku Woodlands monga ananenera. Zimene anakambirana sindikudziwa, koma Loweruka ba Chalwe anabwera okha pa galimoto, ndi nkhuku yamoyo pampando wakumbuyo. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Bana Wini, tonse tabepeka, tanamizika. Koma mwana wanu akaphunzile chinyanja." Ndinati chinyanja amachidziwa, chimene sadziwa ndi anthu. Tinaseka. Mbale zikhala konkuno. Chilanga mulilo chabwerera pa tsiku lake, ndipo akuti adzabwera kudzandionetsa kaphikidwe ka chikanda, ngati kuti ndawapempha. Azakhali ako a Febby akuti iwo sananene kanthu kwa munthu aliyense, anangofunsa maganizo kwa anzawo a m'basi.

Tsopano mvera mayi ako. Mwamuna uja anakhala pampando wa atate ako atamva zoipa zokhazokha, ndipo ananyamuka ndi thumba la dothi kukatenga ana amene ankayesa kuti si ake. Ine ndaona maukwati ambiri. Seputembala akakwana, nkhono zikule zisakule, ukwere sitima.

Timasokosi usatibweze. Sunga. Ulusi unavuta kupeza.

Zigoba zimene unatumiza ndi Matthew ndaziika pamwamba pa wailesi. Ndaziyang'ana kunja ndi m'kati, ndagwedeza, dothi sindikuliona. Amayi a Chigwirizano akumabwera kudzaziona ngati kuti m'nyumba muno muli khanda. Mayi Virginia akuti ndi mankhwala a ukwati. Mayi Betty akuti boma la Tanzania likukulipira kuti upeze golide. Ine ndimangoti mwana wanga akuyeza madzi, ndipo akandifunsa kuti ndi chigoba angayeze bwanji madzi, ndimapita kukatereka tiyi. Undithandize, ndatopa n'kutereka tiyi.

Kwa atelala ndipite liti?

Ndine mayi ako,
Emmy Daka


Kunduchi
2 Juni 1985

Amayi anga,

Pepani. Ndapepesa kwa Matthew, ndapepesa kwa Profesa, amene tsopano akayenda pakhonde amawongola msana ngati mnyamata, ndipo kwa inu ndikupepesa nditagwada. Tebulo la dothi la ku Luburma ndikulikumbuka bwino. Kungoti mutu wanga unali m'thanki, ndipo ndinasangalala kwambiri kuti mayi anga akufunsa za ntchito yanga moti sindinamve chimene ankafunsa. Ndawerenganso makalata anga aja ndi maso anu. Inenso ndikanagula ulusi.

Moni kwa nonse. Kusanza kunatha, tsopano ndimadya chitumbuwa bwato likuvina. Kwa atelala pitani, miyeso yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali. Seputembala ndikwera sitima. Tiana tikadzakhala tisanakule, Profesa adzatilera okha, ndi udindo wawo monga mukudziwa. Timasokosi tili pansi pa sutikesi. Pampu ikuyenda mwakachetechete chikonzereni Matthew, ndipo ndikalowa m'shedi m'mawa ndimayamba ndaima kaye pakhomo kuimvetsera.

Tsopano za amayi a Chigwirizano. Musatereke tiyi, achitireni izi. Tengani chigoba chimodzi pa wailesipo, chija chachikulu. Yendetsani chikhadabo pamsana pake kuchokera pamene zigoba ziwiri zimalumikizana kupita kumphepete. Mumva timizere, ngati masitepe ang'onoang'ono. Pamene mwayambira ndi pamene kanyamako kanali khanda, pamene mwathera ndi masiku ake omaliza. Mzere uliwonse unamangidwa ndi madzi a nthawi yake. Kukagwa mvula yambiri kumtunda, mtsinje n'kubweretsa matope, mzere wa nyengo imeneyo umatenga tizitsulo tija mosiyana ndi mzere wa chilimwe. Mayi Betty muwauze kuti golide mulibe. Muli nkhani ya madzi basi, ndipo kwa msodzi amene ana ake amadya za m'madzimo, nkhani imeneyo ndi yofunika.

Mukatero, thyolani kachidutswa kumphepete, mukasinje mu kamtondo ka tsabola mpaka kakhale ufa. Thirani ufawo m'tambula yagalasi. Abson akathyole mandimu kuseri, awiri okhwima bwino, ndipo mufinyiremo madzi ake. Dikirani pang'ono. Muona timathovu tikukwera, ndipo mukayandikitsa khutu mumva kakulira kuti sii, ngati Fanta wotsegulidwa dzulo. Ameneyo ndi laimu akusungunuka, nyumba ija ikumasuka. Ine ndimachita zomwezo, kungoti mankhwala anga ndi aukali kuposa ndimu, ndipo tambula zanga ndimazitsuka mpaka manja kuyera.

Thovu likatha, kwezani tambulayo kuwindo. Dothi losowa lili mmenemo, m'madzi a mandimuwo, latuluka m'chigoba mmene linabisala. Simuliona, inenso sindinalionepo ndi maso. Makina a kutali ndi amene amandiuza kuchuluka kwake. Koma mudzakhala mutagwira m'manja mwanu, ku Kabwata kumene kulibe nyanja, kanthu kamene kanachoka m'phiri, n'kuyenda ndi mtsinje, n'kumwedwa ndi kanyama kopanda maso m'nyanja ya Amwenye. Ine chimenechi ndi chimene chinandigonjetsa pa bwato paja, osati imvi za Profesa.

Yesani, Amayi, ngakhale kamodzi kokha. Muitane ba Chalwe, azakhali a Febby muwapatse mpando wakutsogolo kuti akafotokoze bwino m'basi. Musamwe madziwo, ndipo wina asalawe ufawo, tingayambitse nkhani ina. Mukatha mundilembere zimene khutu lanu lamva, ndipo chonde, ulendo uno mulembe mowongoka ngati Abson.

Ndine mwana wanu,
Wini